Kukhazikitsa malamulo a usodzi pagombe la kwa Kachindamoto: mfumu, asodzi ndi boma pa pepala limodzi

Dedza ali ndi nyanja. Anthu akumtunda amaiwala zimenezi, koma kumunsi kwa Mtakataka ndi Golomoti, m'dera la Inkosi Kachindamoto, kuli madooko kumene mabanja amadalira usipa, utaka, mlamba ndi chambo chochepa chimene chatsala. Maofesi a khonsolo ali pamwamba, kuseri kwa Khwekhwerere, ndipo mlangizi wa za nsomba sangagone pa dooko lililonse. Khoka la maso ang'onoang'ono likamakokedwa mbandakucha, amaliona ndi anthu a pamudzi pomwepo. Boma linavomereza kuti anthu amenewa akhale ndi mphamvu pa nyanja yawo, koma mphamvuyo siibwera yokha. Imafuna kalembera, chisankho, malamulo olembedwa ndi siginecha za anthu oyenera. Mukadumpha chimodzi, tsiku loyamba kulanda ukonde wa munthu wandalama mudzapezeka kuti amene akuyankha mlandu ndinu.

Chimene lamulo linapereka kale

Lamulo loteteza ndi kuyendetsa za nsomba la 1997 lili ndi gawo lonena za kutengapo mbali kwa anthu a m'midzi, ndipo mu 2000 boma linatulutsa malamulo ang'onoang'ono ofotokoza za makomiti a pagombe, amene aliyense amangowatchula kuti BVC. Ndondomeko ya dziko ya za nsomba ya 2001 ndi ya 2016 zinatsindika zomwezo. Lamulo la maboma ang'ono la 1998 ndilo limapatsa khonsolo mphamvu yopanga malamulo a m'boma lake. Pemphani mlangizi akubweretsereni makope a zikalatazi, makamaka ya 2000, ndipo wina aziwerenge pamsonkhano ndime ndi ndime.

Njirayi inayambira ku nyanja ya Malombe ndi kumtunda kwa Shire mu 1993, chambo chitatha kumeneko. Zimene zinavuta ku Malombe n'zodziwika: makomiti ena anadzaza abale a mafumu, ena anthu osapha n'komwe nsomba, ndipo mamembala ambiri ankayembekezera ndalama za misonkhano kuchokera ku pulojekiti. Ndalama zitasiya, ntchito inazilala. Asodzi ankaona komiti ngati dzanja la dipatimenti ya za nsomba, osati chinthu chawo.

Chitsanzo china chili kufupi, ku chilumba cha Mbenji ku Salima, m'dera la Mfumu Yaikulu Makanjira. Kumeneko kutseka usodzi kunayamba m'zaka za m'ma 1950, lamulo la 1997 kulibe. Chilumba chimatsekedwa mu Disembala n'kutsegulidwa mu Epulo pamwambo waukulu, ndipo malamulo ake amakhudza ngakhale khalidwe: mowa ndi njuga siziloledwa pachilumbapo. Musakopere malamulo a Mbenji mmene alili, chifukwa chilumba n'chosavuta kutseka kuyerekeza ndi gombe lotseguka lokhala ndi midzi ndi minda ya mpunga kumbuyo kwake. Tenganiko chinthu chimodzi: lamulo linachokera kwa eni malo, aliyense amadziwa amene amalengeza tsiku lotseka ndi lotsegula, ndipo boma linabwera kudzathandiza chinthu chimene chinali kuyenda kale.

Yambani ndi kalembera, osati chisankho

Musanasankhe aliyense, lembani anthu onse amene amadya za pa dookolo. Gulani buku lachikuto cholimba, osati kope la ana asukulu limene limanyowa n'kuthothoka. Tsamba lililonse likhale ndi dzina, mudzi, ntchito yake ndi zida zake. Alembedwe eni zida, alovi (ogwira ntchito pa zida za ena), asiginala (oyatsa nyali zokopa nsomba), amayi owamba ndi oyanika nsomba pa thandala, ogula n'kukagulitsa kumtunda, osema mabwato ndi osoka maukonde. Pa zida lembani mtundu, chilimira (ukonde wozinga nsomba pakati pa nyanja) kapena matchera (maukonde otchera), khoka, mbedza kapena mono, kenako kutalika kwake, kukula kwa maso, nambala ya chiphaso ndi chaka chimene chinadulidwa.

Chifukwa chake n'chakuti BVC ndi anthu onsewa, ndipo amene mumawasankha aja ndi atsogoleri ake chabe. Popanda buku, pa tsiku la chisankho pamabwera mudzi wonse ndi alendo omwe, ndipo amapambana ndi amene anagula thobwa lambiri. Ena amabisa zida poopa kuti mukulembera kuti mulande. Nenani poyera kuti kalembera woyamba alibe chilango, ndipo musunge mawu amenewo. Mukafuna kudziwa zida zosaloledwa zimene zilipo, ndi nthawi yokhayi imene mungamve zoona.

Gwirizananinso ndi madooko oyandikana nawo za malire. Yendani nawo mafumu a mbali zonse ndi mlangizi, mutchule zizindikiro zosasuntha monga mathiriro a mtsinje, mlambe kapena thanthwe. Bango si malire, limasuntha ndi madzi.

Chisankho ndi malo a mfumu

Makomiti ambiri amakhala ndi anthu 10 kapena 11: wapampando, mlembi, msungichuma, achiwiri awo ndi mamembala wamba. Gawani mipando musanavote, kuti alovi akhale ndi owaimira, amayi akhale ndi mipando yawo, ndipo eni zida asatenge yonse. Komiti ya eni makoka okhaokha siingaletse khoka. Komiti yopanda mwini zida ngakhale mmodzi nayonso siimveredwa, chifukwa ndi iwo amene amalamula kumene boti lipite. Votani mobisa, ngakhale ndi timiyala m'zitini kuseri kwa mpanda, popeza mlovi sangakweze dzanja kutsutsa bwana wake pagulu. Msungichuma ndi mlembi akhale odziwa kulemba ndipo asakhale a nyumba imodzi.

Mfumu isakhale wapampando ndipo isaloze anthu ndi chala. Izi si kunyoza ufumu. Mfumu ndi imene idzamve madandaulo a munthu amene sakukhutira ndi komiti, ndiye siingakhale woweruza pa nkhani imene inagamula yokha. Ntchito yake ilembedwe momveka: kuitanitsa msonkhano waukulu, kulengeza kutseka ndi kutsegula, kulandira alendo pamodzi ndi komiti, ndi kuweruza milandu imene komiti yabweretsa.

Nkhani ya nsomba ya amfumu, imene kwina amati mawe, musaizembe. Ndi mwambo, koma ndi pomwenso pamalowera katangale, chifukwa mwini khoka loletsedwa amene amatumiza ndowa kubwalo sabata iliyonse sakhudzika. Kambiranani ndi a gulupu mwaulemu, paokha kaye, n'kugwirizana kuti mphatsoyo izichokera ku nsomba zophedwa ndi zida zololedwa pa nthawi yololedwa, ndi kuti siigula chilolezo. Akavomera, anene okha pamsonkhano.

Kulemba malamulo

Apa ndi pofunika kukhalitsa. Malamulo a pagombe angawonjezere pa a boma koma sangachepetse. Mungatseke miyezi yambiri kuposa imene boma latseka, koma simungalole chimene boma laletsa. Choncho tsamba loyamba likhale la zoletsedwa kale: neti yoteteza udzudzu, ukonde wa pulasitiki wa ulusi umodzi, makoka a kandwindwi, ukonde wa nkacha pa nyanja ya Malawi, kauni (kupha chambo usiku ndi nyali), katupe (chomera chophera nsomba) ndi mankhwala ena alionse. Chambo chochepera masentimita 15 ndi mpasa wochepera masentimita 30 siziloledwa. Kumwera kwa nyanjayi matchera a chambo sayenera kuchepera mamilimita 95, amene asodzi amati mainchesi atatu ndi makota atatu. Makoka akhala akutsekedwa kuyambira pa 1 Novembala mpaka pa 31 Disembala, koma chaka chilichonse tengani chidziwitso cholembedwa cha dipatimenti n'kuchikhoma pa dooko, chifukwa masiku a matrola (maboti akuluakulu a injini okoka ukonde) ndi a asodzi ang'onoang'ono amasiyana.

Lamulo lililonse lifotokozedwe chifukwa chake, apo ayi anthu amaliona ngati nkhanza. Chambo chachimuna chimakumba chisa mumchenga m'madzi osaya, chachikazi chimasunga mazira ndi ana m'kamwa, kenako anawo, amene amatchedwa kasawala, amakulira m'bango ndi m'udzu wa m'mphepete. Khoka limakwekwereza pansi pomwepo: limafafaniza zisa, limagwira mayi ali ndi ana m'kamwa, ndipo likakhala ndi neti ya udzudzu kuthumba limakokolola ndi kasawala yemwe. Msodzi wamkulu aliyense anaonapo chambo chikulavula ana m'bwato. Muuzeni afotokoze iyeyo, osati mlangizi.

Tsamba lachiwiri ndi la mudzi. Khalani ndi akuluakulu a dooko, muwafunse malo amene kale sankaponyapo ukonde, miyezi imene ankasiya mathiriro a mitsinje, mmene biyo, mpanda wotchingira nsomba mumtsinje, ankamangira mosiya mpata pakati kuti nsomba zina zikwere kukaswana. Zambiri mwa izi zimagwirizana ndi zimene akatswiri ofufuza za nsomba a ku Monkey Bay amanena, ndipo lamulo limene anthu akulikumbukira kuchokera kwa agogo awo silivuta kulimvera. Koma sankhani. Mwambo wotsekereza mtsinje wonse ndi biyo, kapena wothira katupe m'thamanda, ndi mwambo ndithu koma lamulo limaukana.

Lamulo lililonse liyankhe zinthu zinayi: choletsedwa n'chiyani, kuti, liti, ndipo wolakwa amutani. "Tisamale nsomba zathu" si lamulo. Lembani chonchi: "Palibe woponya ukonde wa mtundu uliwonse pakati pa zizindikiro zofiira za pamathiriro, usana kapena usiku, chaka chonse. Wopezeka koyamba alipira chindapusa chimene chili pa tsamba lomaliza, kachiwiri alipira kawiri, kachitatu komiti ipempha dipatimenti kuti imulande chiphaso." Zindapusa ziikidwe pa tsamba lapadera kuti muzitha kuzisintha ndalama ikagwa mphamvu osalembanso buku lonse. Chindapusa chochepera phindu la usiku umodzi chimasanduka msonkho: munthu amalipira akumwetulira n'kubwerera m'madzi. Nenaninso kuti wolipira ndi mwini zida, chifukwa akagwidwa alovi eni ake amakana kuti sanawatume.

Musachulutse. Malamulo 8 kapena 10 amene mwana wa sukulu angawatchule pamtima amaposa 40 amene ali m'chikwama cha mlembi. Ndipo pa zida zimene anthu anazolowera, perekani nthawi yosinthira, mwina mpaka tsiku lotsegula lotsatira, ndipo tsikulo lilembedwe.

Malo oswanirana nsomba

Sankhani malo amodzi kapena awiri oti muyambire, okhala ndi bango kapena mathiriro, amene akuoneka kuchokera kumudzi. Malo akutali sawalondera munthu. Musatseke pamene amayi amatunga madzi kapena pamene mabwato amakocheza, mungoyambitsa mkangano wosafunika. Mlangizi ajambule ngodya zake ndi GPS kuti zilowe m'mapepala.

Zizindikiro zotchipa ndi zigubu za malita 20 zopakidwa penti, zomangidwa ku mwala wa simenti woumbidwa m'ndowa, wokhala ndi chitsulo chopindika pamwamba. Chingwe chitalike kuposa kuya kwa madzi ndi theka lina, chifukwa nyanja imakwera mvula ikagwa ndipo mafunde a mwera amadula chingwe chokungika. Zigubu zabwino zimabedwa, choncho zidindeni ndi chitsulo chamoto, muziyendera mwezi uliwonse. M'kati mwa malowo mizani nthambi zomangidwa m'mitolo ndi miyala. Nsomba zing'onozing'ono zimabisalamo, ndipo woponya ukonde mwakuba amaung'amba yekha. Nthambizo zichokere ku mitengo yosadzulira, osati kugwetsa nkhalango ya m'mudzi.

Kupita nawo ku boma

Malamulo akawerengedwa pamsonkhano waukulu n'kuvomerezedwa, mlembi alembe tsiku, chiwerengero cha anthu ndi mfundo zimene zinatsutsidwa. Asaine wapampando, nyakwawa ndi gulupu. Kuchoka apo adutse ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi (VDC) ndi ku komiti ya chitukuko ya dera la Inkosi (ADC), Inkosi idinde, kenako apite kwa mkulu wa za nsomba wa boma la Dedza. Iyeyu ndi amene amaona ngati sakutsutsana ndi lamulo la dziko, n'kuwapereka ku komiti yoyenera ya khonsolo ndi ku msonkhano wa makhansala onse. Malamulo a khonsolo amafunanso chivomerezo cha nduna yoona za maboma ang'ono. Njirayi imatenga nthawi, ndipo mapepala amagona m'madirowa. Sankhani anthu awiri oti azilondola, muuze khansala wa dera lanu tsiku limene munapereka, ndipo musapereke kope lanu lomaliza. Pa kope lotsala nanu adindepo chidindo cha ofesi ndi tsiku.

Ndi bwino kuti ma BVC onse a kwa Kachindamoto apite ndi malamulo ofanana kudzera m'bungwe lawo limodzi la asodzi. Dooko limodzi likakhwimitsa pamene loyandikana nalo likulekerera, makoka amangosamukira kumeneko n'kumapha nsomba zomwezo.

Pali pepala lina limene ambiri salidziwa: mgwirizano wa kayendetsedwe ka usodzi pakati pa anthu ndi mkulu wa dipatimenti ya za nsomba, umene lamulo la 1997 limalola. Umakhala ndi dongosolo la ntchito ndiponso thandizo limene dipatimenti ikulonjeza. Musasaine mgwirizano umene watchula ntchito zanu zokha. Mbali ya boma ilembedwe ndi manambala: kulondera ndi boti la injini kangati nthawi yotseka, mafuta agula ndani, ofesala abwera pasanathe masiku angati akaitanidwa, maphunziro a komiti yatsopano achitika liti. Pemphaninso kuti ena mwa inu apatsidwe makalata owazindikira ngati othandiza kusungitsa lamulo. Kalata yokhala ndi chidindo imasintha mmene mwini zida amakuyankhulirani.

Kulondera ndi kulanda

Makomiti ambiri amagwera apa. Musapite munthu mmodzi kapena awiri. Pitani anayi kapena kuposa, ndipo pakhale wina wochokera kwa mfumu. Tsiku lolondera alidziwe anthu ochepa, chifukwa foni imafika pa dooko inu musanakwere bwato. Usiku, kapena pamene mukudziwa kuti pakhala zikwanje ndi nkhafi m'mwamba, musapite popanda apolisi kapena maofesala a dipatimenti. Mwera ukamawomba, musalowe n'komwe.

Maso a ukonde yesani uli wonyowa. Kokani diso mpaka litatsekeka, muyese kuchokera pa mfundo kufika pa mfundo yoyang'anizana nayo. Yesani maso 10 m'malo osiyanasiyana, makamaka kuthumba, chifukwa ochenjera amaika maso ololedwa m'mapiko n'kusokerera ang'onoang'ono pakati. Khalani ndi kathabwa kodulidwa masentimita 15 koyesera chambo, mwini nsomba akuona.

Mukalanda, lembani pomwepo: tsiku, nthawi, malo, dzina la mwini, mtundu ndi kutalika kwa ukonde, mayina a mboni. Jambulani ndi foni. Mwini alandire kapepala kosainidwa. Katunduyo mumupereke kwa ofesala wa za nsomba pasanathe maola 48, naye asaine m'buku lanu. Musawotche ukonde nokha, musaugawane, musausunge kunyumba kwa wapampando. Ukonde wogona kunyumba ya munthu umabwerera m'madzi sabata yomweyo, ndipo ukasowa mlandu umasanduka wakuba. BVC si khoti. Munthu akakana chindapusa cha pamudzi, nkhani ipite kwa ofesala ndi apolisi, ikathere kwa majisitireti. Kumeneko chimene chimagwira ntchito ndi buku lija ndi mboni.

Wachibale wa membala wa komiti akagwidwa, membalayo atuluke pokambirana. Mlandu woyamba wa munthu wodziwika ndi umene dooko lonse limayang'ana.

Ndalama

Tsegulani akaunti yosainira anthu atatu, ndipo ndalama iliyonse ikhale ndi lisiti ya nambala. Gwirizanani pasadakhale magawo ake: la kulondera, la kukonza zizindikiro, la maulendo a ku boma, ndi la bwalo la mfumu ngati mwatero. Msungichuma awerenge malipoti pagulu miyezi itatu iliyonse. Komiti yodalira zindapusa zokha imayamba kukonda olakwa, chifukwa akatha ndalama zimathanso. Ndi bwino kukhala ndi kandalama kochepa ka pachaka kochokera kwa mwini zida aliyense wolembedwa. Mabungwe akabwera ndi mapulojekiti, landirani maphunziro ndi zipangizo, koma misonkhano yanu ya mwezi ndi mwezi izichitika popanda alawansi kuyambira pachiyambi.

Ganiziraninso za njala ya nthawi yotseka. Novembala ndi Disembala ndi miyezi imene nkhokwe zayamba kupepuka, ndipo mlovi wopanda chochita amabwerera m'madzi usiku. Banki m'khonde yogawana ndalama kumapeto kwa Okutobala imathandiza kuposa chindapusa chilichonse, ndipo nthawiyo imakumana ndi ntchito za m'minda ya mpunga ya m'chigwa cha Bwanje.

Alendo, matrola ndi akumtunda

Asodzi amatsata usipa, ndipo pa dooko lanu padzafika a ku Mangochi, Salima, Nkhotakota ndi kumpoto. Simungawathamangitse chifukwa choti ndi obwera, nyanja ndi ya dziko lonse. Chimene mungachite n'kufuna kalata yochokera ku BVC ya kwawo, kuona chiphaso, kuyesa ukonde usanalowe m'madzi, ndi kuwawerengera malamulo pamaso pa mfumu asanamange zisakasa. Malamulo akhale amodzi kwa mlendo ndi mwini mudzi.

Matrola ndi nkhani ina. Saloledwa kukoka m'madzi osaya kuchepera mamita 18, pafupi ndi gombe, kapena usiku, koma musawathamangire ndi bwato. Lembani dzina kapena nambala ya botilo, tsiku, nthawi ndi malo, jambulani, mutumize kwa mkulu wa za nsomba molemba, kope lipite kwa Inkosi ndi khansala. Madandaulo apakamwa amaiwalika. Makalata asanu onena za boti limodzi amafika pa tebulo pamene chiphaso chake chikukambidwa. Asodzi ang'onoang'ono akaona trola ikukwekwereza pamalo amene iwo aletsedwa, komiti imataya mphamvu tsiku lomwelo, choncho nkhaniyi ilowe mu mgwirizano uja ngati udindo wa dipatimenti.

Matope amene amakwirira zisa za chambo amatsika ndi mitsinje ngati Bwanje, Livulezi ndi Namikokwe kuchokera m'mapiri a Ntcheu ndi Dedza, kumene anthu amalima mpaka m'mphepete mwa madzi. BVC ilibe mphamvu kumeneko, koma ADC ili nayo. Tumizani nthumwi ku misonkhano yake, mupemphe kuti makomiti a zachilengedwe a midzi yakumtunda akhalepo pokambirana za mathiriro.

Chaka chilichonse mu Okutobala, nyanja isanatsekedwe, itanitsani msonkhano waukulu ndi mlangizi ndi mafumu. Bwerani ndi mabuku atatu, la kalembera, la milandu ndi la ndalama, pamodzi ndi kope la mgwirizano. Werengani malonjezo a mbali zonse mmodzimmodzi, mulembe zimene zachitika ndi zimene sizinachitike, ndipo kope la zokambiranazo lipite ku ofesi ya za nsomba sabata yomweyo.